Mutu 9: Kusamalira ndi Kuyendetsa Nkhokwe ya Matebulo Olumikizana

Bungwe lililonse lotumikira anthu ambiri, kaya ndi banki, chipatala, sukulu kapena ofesi ya boma, limayenda bwino ngati likukumbukira molondola amene analipira, amene ali ndi ngongole, amene analandira mankhwala ndiponso tsiku limene zimenezo zinachitika. Kale ntchito imeneyi inali ya kaundula wolembedwa pamanja amene kalaliki ankatsekera m'kabati, koma masiku ano yasamukira mu database, imene ndi nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo mfundo mwadongosolo kuti zizipezeka msanga ndiponso kuti anthu ambiri azizigwiritsa ntchito nthawi imodzi. Mtundu wofala kwambiri wa nkhokwe zoterezi ndi umene akatswiri amautcha relational database, womwe umaika mfundo m'matebulo okhala ndi mizere ndi madanga, ndipo munthu amene amaisamalira amatchedwa database administrator, kapena mwachidule DBA. Ntchito yake ili ndi mbali zambiri, koma zonsezo zimakumana pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kuonetsetsa kuti zimene nkhokweyo ikunena ndi zoona lero ndiponso kuti zidzapezeka mawa ngakhale makina atawonongeka.

Kumene ganizo la matebulo linachokera

M'zaka za m'ma 1960 makompyuta akuluakulu ankasunga deta m'njira zofanana ndi mtengo wa nthambi kapena ukonde, moti wolemba pulogalamu ankayenera kudziwa kanjira kochokera pa mfundo imodzi kukafika pa inzake, ndipo kasungidwe kakasintha, mapulogalamu ambiri ankafunika kulembedwanso. Mu 1970 Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose ku California, anasindikiza nkhani m'magazini ya Communications of the ACM yofotokoza kuti deta yonse ingathe kuonetsedwa ngati matebulo, ndipo munthu azingonena zimene akufuna, n'kusiyira makina ntchito yopeza njira. Liwu lakuti relation limene iye anagwiritsa ntchito ndi la masamu, ndipo limatanthauza tebulo lenilenilo, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti limanena za kulumikizana kwa matebulo.

Ganizo limeneli linayesedwa ku IBM pa ntchito yotchedwa System R, pamene Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anakonza chilankhulo chofunsira mafunso chimene mu 1974 anachitcha SEQUEL, chomwe pambuyo pake chinakhala SQL, komanso ku University of California ku Berkeley, kumene Michael Stonebraker ndi Eugene Wong anapanga Ingres. Oracle inayamba kugulitsidwa mu 1979, DB2 ya IBM inalengezedwa mu 1983, ndipo mu 1986 bungwe la ANSI ku America linakhazikitsa muyezo wa SQL umene makampani osiyanasiyana amatsatira. MySQL inatuluka ku Sweden mu 1995, PostgreSQL, imene inachokera pa ntchito ina ya Stonebraker ku Berkeley, inatenga dzinali mu 1996, pomwe SQLite ya mu 2000 ndi yaing'ono kwambiri moti imakhala m'mafoni a Android ndi iPhone mwini wake osadziwa. Mapulogalamu onsewa amatchedwa database management system, kutanthauza pulogalamu imene imakhala pakati pa mafayilo a pa disiki ndi anthu ofuna deta. Ku Malawi nakonso ndi amene akugwira ntchito mseri, mwachitsanzo DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero za m'zipatala ndipo inapangidwa ku University of Oslo, imasunga zonse mu PostgreSQL.

Mfundo imodzi, malo amodzi

Ntchito yoyamba ya wosamalira nkhokwe imachitika deta isanalowe, pamene matebulo akukonzedwa, ndipo mapulani a matebulowo amatchedwa schema. Sukulu ya sekondale imene ikufuna kusunga malipiro a fizi ingathe kulemba zonse patebulo limodzi, mzere uliwonse n'kukhala ndi dzina la wophunzira, kalasi yake, nambala ya foni ya kholo, ndalama zimene walipira ndi tsiku lolipira. Vuto limaoneka wophunzirayo akalipira kasanu ndi kamodzi, chifukwa nambala ya kholo idzakhala yalembedwa kasanu ndi kamodzinso, ndipo khololo likasintha nambala, kalaliki akhoza kukonza mizere inayi n'kuiwala iwiri, nkhokwe n'kuyamba kupereka mayankho awiri pa funso limodzi. Njira yopewera zimenezi, imene Codd anaitcha normalization, ndiyo kugawa deta kuti mfundo iliyonse ilembedwe pamalo amodzi okha, kotero kuti tebulo la ophunzira lisunge dzina, kalasi ndi nambala ya kholo, pamene tebulo la malipiro lisunge ndalama ndi tsiku basi.

Kuti matebulo awiriwa azidziwana, wophunzira aliyense amapatsidwa nambala yakeyake imene wina sangakhale nayo, ndipo danga losunga nambala imeneyo limatchedwa primary key. Dzina silingagwire ntchito imeneyi, chifukwa m'kalasi imodzi mungathe kupezeka a Banda atatu, awiri mwa iwo ofanananso dzina loyamba, ndiponso dzina limalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi kalaliki wa tsikulo. Nambala yomweyo ikalembedwa patebulo la malipiro kuti iloze mwini wa ndalamazo, imatchedwa foreign key, ndipo nkhokwe imakana kulandira malipiro oloza nambala imene kulibe, imakananso kufufuta wophunzira amene ali ndi malipiro olembedwa, pokhapokha ngati wokonza schema analamula kuti zifufutikire limodzi. Pali malamulo enanso otere, otchedwa constraints, amene angaletse danga la tsiku kusiyidwa lopanda kanthu kapena ndalama kulembedwa zochepera ziro. Ubwino woika malamulowa m'nkhokwe mwenimwenimo ndi wakuti amagwira aliyense mofanana, kaya deta ikulowa kudzera pakompyuta ya ku ofesi, pafoni kapena papulogalamu yatsopano imene idzalembedwe zaka zisanu zikubwerazi ndi munthu amene sanakumanepo ndi omwe anakonza matebulowo.

Zichitike zonse kapena pasachitike kalikonse

Munthu akatumiza K20,000 kuchokera mu akaunti yake kupita ya mbale wake, nkhokwe imachita zinthu ziwiri, kuchotsa ndalamazo kumbali imodzi ndi kuziwonjezera kumbali inayo, ndipo magetsi atati azime pakati pa zinthu ziwirizo, ndalamazo zikhoza kusowa osafika kulikonse. Pofuna kupewa zimenezi, masitepe oyendera limodzi amamangidwa mtolo umodzi wotchedwa transaction, umene umatsirizidwa ndi lamulo la COMMIT ngati zonse zayenda bwino, kapena kubwezedwa mmene zinalili ndi lamulo la ROLLBACK ngati china chalephereka. Jim Gray ndi amene anachita zambiri pokhazikitsa maziko a nzeru imeneyi, ndipo mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter anapereka dzina lachidule la ACID ku malonjezo anayi amene transaction imasunga: kuti imachitika yonse kapena sichitika konse, kuti siphwanya malamulo a nkhokwe, kuti siisokonezedwa ndi ina imene ikuchitika nthawi yomweyo, ndiponso kuti ikangotsimikizidwa sizimiriranso.

Lonjezo lachinayili limasungidwa ndi fayilo yapadera imene PostgreSQL imaitcha write-ahead log, pomwe MySQL ndi Oracle amaitcha redo log. Kusintha kulikonse kumayamba kwalembedwa m'fayilo imeneyi pa disiki nkhokwe isanayankhe kuti zatheka, ndipo matebulo enieniwo amasinthidwa pambuyo pake, kotero kuti seva ikazima mwadzidzidzi n'kuyakanso, pulogalamu imawerenga fayiloyo, n'kumaliza zimene zinatsimikizidwa ndi kutaya zimene zinasiyidwa panjira. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo deta imene ikadali mu memory ya kompyuta isanafike pa disiki ndi ya pachala imeneyo. Pali zosankha zina zimene zimafulumizitsa nkhokwe poilola kuyankha isanatsimikize kuti disiki yalembadi, ndipo wosamalira amene amagwira ntchito kumalo kumene magetsi amazimazima ayenera kuzipewa, n'kuonetsetsanso kuti seva ili ndi mabatire a UPS oigwirizira mpaka jenereta italira kapena mpaka itazimitsidwa mwadongosolo.

Pamene anthu ambiri akusintha deta nthawi imodzi, nkhokwe imatseka mzere umene wina akuusintha kuti mnzake adikire, ndipo nthawi zina anthu awiri amadikirirana, aliyense atatseka mzere umene mnzake akuufuna. Zimenezi zimatchedwa deadlock, ndipo nkhokwe imazithetsa poimitsa mmodzi wa iwo kuti ayambirenso. Zikamachitika kawirikawiri, wosamalira amakhala pansi ndi olemba mapulogalamu kuti transaction zawo zikhale zazifupi ndiponso zizigwira mizere m'ndondomeko yofanana.

Nkhokwe ikayamba kuchedwa

Tebulo la mizere 500 limayankha msanga ngakhale litakonzedwa mosasamala, koma likafika pa mizere mamiliyoni, funso limene linkatenga kanthawi kochepa limayamba kudikiritsa anthu pamzere. Funso monga SELECT dzina FROM ophunzira WHERE nambala = 40217, lomwe likupempha dzina la wophunzira wa nambala imeneyo, lingayankhidwe m'njira ziwiri, poyang'ana mzere uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kapena pogwiritsa ntchito index, imene ili ngati mlozera wa kumapeto kwa buku wosonyeza tsamba limene liwu likupezeka. Ma index ambiri amamangidwa mwa njira ya B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaikonza akugwira ntchito ku Boeing kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo imalola nkhokwe kufika pa mzere umodzi pakati pa mizere miliyoni itangowerenga masamba atatu kapena anayi, tsamba kukhala kachigawo ka disiki kamene kukula kwake ndi makilobaiti 8 mu PostgreSQL ndi 16 mu InnoDB ya MySQL.

Komabe index siyaulere, chifukwa imadya malo pa disiki ndipo imayenera kusinthidwa nthawi iliyonse mzere ukawonjezedwa, ukasinthidwa kapena ukafufutidwa, moti tebulo lokhala ndi ma index ochuluka limafulumira powerenga koma limalemera polemba. N'chifukwa chake wosamalira waluso sachita zongoganizira, koma amayamba waona kaundula wa mafunso ochedwa, kenako n'kugwiritsa ntchito lamulo la EXPLAIN, limene limaonetsa njira imene nkhokwe yasankha poyankha funsolo. Gawo la pulogalamu limene limasankha njirayo, lotchedwa query optimizer, limadalira ziwerengero zosonyeza kukula kwa matebulo ndi mmene deta yagawikira, ndipo ziwerengerozo zikakalamba limasankha njira yolakwika. Mu PostgreSQL mizere yosinthidwa kapena yofufutidwa siichoka pomwepo, koma imatsala ngati zinyalala mpaka ntchito yotchedwa VACUUM itasesa, ndipo ikalepheretsedwa kwa nthawi yaitali, matebulo amafufuma n'kuyamba kuchedwa. Pamwamba pa zonsezi pali ntchito ya tsiku ndi tsiku yoyang'ana malo otsala pa disiki, chifukwa nkhokwe zambiri zimaima pa chifukwa chosavuta kuchipewa, chakuti disiki yadzaza usiku popanda wina kuona.

Ndani aloledwe kuona ndi kusintha

Nkhokwe ya chipatala imasunga matenda a anthu, ya banki imasunga chuma chawo, ndipo ya National Registration Bureau, imene inalemba Amalawi mamiliyoni m'kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, imasunga zithunzi ndi zidindo za zala. Chitetezo cha zinthu zoterezi chimayamba ndi mfundo yakuti aliyense apatsidwe chilolezo chokwanira ntchito yake yokha, ndipo SQL ili ndi malamulo awiri ochitira zimenezi, GRANT lopereka chilolezo ndi REVOKE lochilanda. Kalaliki wolandira fizi angaloledwe kuwonjezera malipiro koma osati kuwafufuta, mphunzitsi wamkulu angaloledwe kuwerenga malipoti koma osati kusintha ndalama, pamene akaunti yokhala ndi mphamvu zonse isagwiritsidwe ntchito ndi pulogalamu iliyonse ya tsiku ndi tsiku. Chizolowezi chobwerekana pasiwedi m'ofesi chimawononga dongosolo lonseli, chifukwa anthu asanu akamalowa ndi dzina limodzi, palibe angadziwe amene anasintha chiyani.

Adani ochokera kunja amakonda njira yotchedwa SQL injection, pamene munthu amalemba zidutswa za SQL m'bokosi la pa webusaiti lofunsa dzina kapena nambala, ndipo pulogalamu yolembedwa mosasamala imapereka mawuwo ku nkhokwe ngati lamulo. Mu 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira imeneyi mbiri ya makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo chaka chotsatira ofesi yoona za chinsinsi cha deta m'dzikolo inailipiritsa chindapusa cha mapaundi 400,000. Mankhwala ake ndi odziwika, kuti mawu ochokera kwa munthu azitumizidwa padera ndi lamulo la SQL kudzera mu zimene zimatchedwa prepared statements, kotero kuti nkhokwe iziwatenga ngati deta chabe.

Chiopsezo china chimachokera m'kati, kwa anthu amene ali ndi chilolezo kale. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain anapeza kuti malipiro ena a katundu ndi ntchito zimene sizinaperekedwe ankalowetsedwa mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma la Malawi, kenako n'kufufutidwamo macheke atatuluka. Phunziro lake kwa wosamalira nkhokwe ndi lakuti payenera kukhala kaundula wa zochitika, wotchedwa audit log, wolemba amene analowa, nthawi imene analowa ndi zimene anasintha, ndipo kaundulayo azisungidwa pa makina ena kumene ngakhale wosamalira mwiniyo sangamufufute. Lamulo la Data Protection Act la mu 2024, limene linapatsa MACRA udindo woyang'anira kasamalidwe ka mbiri ya anthu, lachititsa kuti chisamaliro chimenechi chikhalenso nkhani ya malamulo a dziko.

Backup ndi kubwezeretsa

Pa ntchito zonse za wosamalira nkhokwe, imene siikhululuka ndi ya backup, kutanthauza kope la deta losungidwa padera kuti lidzagwire ntchito loyambalo likawonongeka. Chowononga sichikhala moto, mbala kapena disiki yakufa yokha, popeza nthawi zambiri chimakhala chala cha munthu wotopa. Lamulo lakuti UPDATE malipiro SET ndalama = 0 WHERE nambala = 40217 limakhudza malipiro a wophunzira mmodzi, koma wolemba akaiwala gawo loyamba ndi WHERE, ndalama za patebulo lonse zimasanduka ziro m'kanthawi kochepa. Mabungwe ambiri amakhala ndi seva yachiwiri imene imakopera zonse za yoyamba nthawi yomweyo, njira yotchedwa replication, ndipo imathandiza seva yoyamba ikafa, koma siingalowe m'malo mwa backup chifukwa imakoperanso cholakwacho mokhulupirika.

Backup ili m'mitundu iwiri ikuluikulu. Ina imatulutsa deta ngati malamulo a SQL okhoza kumanganso matebulo, monga zimene pg_dump ndi mysqldump zimachita, pamene ina imakopera mafayilo enieni a nkhokwe, ndipo ikaphatikizidwa ndi mafayilo osungidwa a write-ahead log imalola kubwezera nkhokwe mmene inalili pa mphindi yosankhidwa, mwachitsanzo mphindi imodzi lamulo lolakwika lija lisanaperekedwe. Kusankha njira kumadalira mafunso awiri amene eni bungwe ayenera kuyankha, osati wosamalira yekha: ndi deta ya maola angati imene bungwe lingapirire kutaya, ndipo lingakhale nthawi yaitali bwanji nkhokwe isakugwira ntchito. Sukulu ingathe kulowetsanso malisiti a tsiku limodzi kuchokera m'buku, koma banki singatero. Chizolowezi chodziwika ndi chosunga makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo likhale kutali ndi nyumba imene muli seva.

Zimene zinachitikira kampani ya GitLab pa 31 Januwale 2017 zimaphunzitsidwa kwambiri pa nkhani imeneyi, chifukwa kampaniyo inaulula yokha tsatanetsatane wake. Injiniya wina amene ankakonza vuto la replication usiku anapereka lamulo lofufuta mafayilo pa seva yoyamba akuganiza kuti ali pa yachiwiri, ndipo pamene ankaliimitsa, deta ya PostgreSQL pafupifupi magigabaiti 300 inali itapita. Atapita kukatenga backup anapeza kuti pg_dump inali isakugwira ntchito chifukwa inali ya mtundu wakale wosagwirizana ndi seva, ndiponso kuti mauthenga a imelo ochenjeza za kulepherako sankafika kwa aliyense. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene linajambulidwa pa chifukwa china maola pafupifupi asanu ndi limodzi m'mbuyomo, ndipo zonse zimene makasitomala analemba m'nkhokwe m'maola amenewo zinatayika. Madzi akatayika saoleka, choncho backup iyenera kuyesedwa pobwezeretsa deta yake pa makina ena nthawi ndi nthawi, n'kuwerenga mizere ndi kuona nthawi imene ntchitoyo yatenga, chifukwa fayilo imene sinayesedwepo siingadziwike ngati idzatseguka pa tsiku la ngozi.

Kusintha kwa nkhokwe ndi kusintha kwa anthu

Nkhokwe imakhala zaka zambiri kuposa mapulogalamu amene amaigwiritsa ntchito, ndipo m'zaka zimenezo madanga amawonjezedwa, matebulo amagawidwa ndipo pulogalamu yoiyendetsa imakalamba. PostgreSQL, mwachitsanzo, imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse ndipo mtundu uliwonse umakonzedwa zolakwika kwa zaka zisanu, kenako mipata yachitetezo imene ingapezeke mmenemo siitsekedwanso. Kusintha kulikonse, kaya kwa schema kapena kwa pulogalamu, kumayenera kulembedwa ngati fayilo ya malamulo, kuyesedwa pa seva yoyeserera yokhala ndi deta yofanana kukula ndi yeniyeni, ndi kuchitidwa pa nthawi imene anthu ndi ochepa, backup yatsopano ili pafupi ndiponso njira yobwererera m'mbuyo itakonzedweratu.

Chomaliza chimene chimasintha ndi wosamalira mwiniyo, amene angathe kudwala, kupita ku maliro kumudzi kumene netiweki siigwira, kapena kupeza ntchito ina. Mfundo imene Codd anayambira, yakuti deta isadalire kanjira kodziwika kwa munthu mmodzi, imagwiranso ntchito pa kasamalidwe kake, chifukwa bungwe limene pasiwedi ya seva, malo a backup ndi masitepe obwezeretsera zili m'mutu mwa munthu mmodzi lili pangozi yofanana ndi la disiki imodzi. Pa chifukwa chimenechi ndondomeko yobwezeretsera nkhokwe imalembedwa sitepe ndi sitepe, imasindikizidwanso papepala popeza tsiku limene idzafunike kompyuta ikhoza kukhala yosayaka, ndipo imayesedwa poipereka kwa mnzake wa wosamalirayo kuti abwezeretse nkhokwe yonse pa seva yopanda kanthu, mwini wake atakhala pambali osanena kalikonse. Paliponse pamene mnzakeyo waima n'kufunsa funso, pamenepo ndi pamene ndondomekoyo ikufunika kulembedwanso.